Mawu akuchedwa, sipika ikulira: kukonza karaoke ya pa kompyuta

Pa madandaulo onse a anthu oimba karaoke pa kompyuta kunyumba, limodzi ndilo silisowa: ukaimba, mawu ako amatuluka mu sipika mochedwa pang'ono, ngati pali mwana wamwano amene waima kumbuyo n'kumakutsanzira. Woimba amayamba kudikira mawu ake omwe, biti n'kumusiya, ndipo pofika pa kolasi a m'nyumba ayamba kale kuseka. Chimene ambiri amachita n'kukwera kabaza, laputopu m'chikwama, ulendo wa ku Mangochi boma kuti akaichotse mavairasi kapena akaiike Windows yatsopano. Imabwerako ndi matenda omwewo, kungoti tsopano zithunzi za chinkhoswe zapita. Musaifomate. Vutoli silichokera ku vairasi, ndipo nthawi zambiri si kukalamba kwa makina. Limachokera pa njira imene mawu anu akudutsa kuchoka pa maiki mpaka kukafika m'khutu mwanu.

Ampu ya ku tchalitchi kapena ya pa msonkhano imalandira mawu n'kuwakweza pomwepo. Kompyuta sitero ayi. Imayamba yawasandutsa manambala, n'kuwaunjika m'timagulu, n'kupereka kagulu kalikonse ku pulogalamu, kenako n'kuwabwezanso kukhala mawu. Kagulu sikanyamuka kasanadzaze. Kukula kwa kaguluko ndi kumene mumaona kwalembedwa kuti buffer m'mapulogalamu ojambulira. Ngati makina akutenga tizidutswa 48000 pa sekondi, buffer ya 512 imadya pafupifupi mamilisekondi 11 polowa ndi ena 11 potuluka, osawerengera zimene Windows imawonjezerapo pakatipo. Milisekondi ndi gawo limodzi mwa magawo 1000 a sekondi, ndiye mungaganize kuti n'zochepa. Koma khutu la munthu amene akudzimva yekha akuimba silinamizika. Kuchedwa kukangodutsa 20 layamba kale kuzindikira kuti china chake sichili bwino, ndipo kukafika 100 ngakhale mtsogoleri wa kwaya amasochera.

Kumene kuchedwa kumabisala

Yambani ndi Bluetooth, chifukwa ndiyo imapalamula kwambiri. Sipika kapena mahedifoni a Bluetooth amachedwetsa mawu ndi mamilisekondi oposa 100, pena kufika 200 kapena kupitirira apo. Pomvera nyimbo simuzindikira, popeza palibe chimene mukufananitsa nacho. Poimba ndiye tsoka. Palibe batani lililonse mu Windows limene lingachotse zimenezi. Zimitsani Bluetooth, gulani waya wa AUX, nkhani yatha. Chimodzimodzi ngati mwalumikiza laputopu ku TV ndi waya wa HDMI kuti anthu aziwerenga mawu a nyimbo pa sikirini yaikulu: ma TV ambiri amayamba akonza chithunzi kaye, ndipo mawu amadikira chithunzicho. Chithunzi chipite ku TV, koma mawu muwatenge pa bowo la mahedifoni la laputopu kupita ku wufa.

Chachiwiri ndi kabokosi kena kamene anthu amachonga atauzidwa ndi mnzawo. Dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani mmsys.cpl, pitani pa Recording, sankhani maiki yanu, Properties, kenako Listen. Ngati pa Listen to this device pali chochonga, ndiye kuti mawu anu akuyenda ulendo wautali uja. Kabokosika n'kabwino poyesa ngati maiki ili moyo. Koimbira ayi. Pa makompyuta ena akale a pa desiki, mukalowa pa Playback, Speakers, Properties, Levels, mumapeza kotsetsereka kolembedwa Microphone. Kameneko kamatumiza mawu ku sipika osadutsa m'mapulogalamu, ndipo sikachedwa. Ngati mwakapeza, muli ndi mwayi, katsegulani n'kuchotsa chochonga chija. Malaputopu ambiri a masiku ano alibe.

Mankhwala enieni ndi akuti mawu anu asalowe n'komwe m'kompyuta asanafike kukhutu. Kompyuta igwire ntchito ziwiri zokha, kuliza biti ndi kuonetsa mawu a nyimbo, ndipo maiki ilowe mwachindunji mu chipangizo chimene chili ndi bowo lake la maiki. Masipika akuluakulu a matayala aja, amene amagwiritsa ntchito alaliki a pamsika ndi otsatsa malonda pa depoti, ali ndi mabowo a maiki amodzi kapena awiri, kuphatikizapo kotembenuza ka echo. Maiki mu sipika, laputopu pa AUX, basi. Amene ali ndi kamikisa, kachipangizo kosakanizira mawu, ngakhale kobwereka ku kwaya, achite zomwezo: maiki pa tchanelo choyamba, laputopu pa tchanelo cha stereo, mikisa n'kupita ku masipika. Njira ina ndi timabokosi ta USB totchipa timene achinyamata amakonda poimba pa TikTok ndi Facebook, monga ta V8 tija, kapena audio interface yeniyeni, bokosi lolumikizira maiki ku kompyuta, yokhala ndi batani la Direct Monitor. Zonsezi zimasakaniza mawu anu ndi biti kunja kwa kompyuta, ndiye kuchedwa kulibe pochokera. Kwa ine, kamikisa kogwiritsidwapo kale ntchito n'kabwino kuposa kugula laputopu ina, ndipo mtengo wake suyandikira n'komwe.

Alipo amene angakuuzeni za ASIO4ALL, pulogalamu yochepetsa kuchedwa kwa mawu m'kompyuta momwemo. Ndi yaulere ndipo imagwiradi ntchito, koma m'mapulogalamu okhawo amene amamva ASIO, njira yachidule yodutsira mawu, monga FL Studio ndi Reaper. Audacity, pulogalamu yojambulira mawu imene mumatsitsa pa intaneti, siibwera ndi ASIO. Komanso ASIO4ALL imakonda kulanda chipangizo chonse cha mawu, moti YouTube imangoti zii mpaka mutatseka pulogalamu inayo, ndiye biti iyenera kukhala m'pulogalamu momwemo. Mukasankha njira imeneyi, ikani buffer pa 256, muyese 128, ndipo mawu akayamba kuthetheka bwererani m'mwamba.

Sipika ikamalira kuti kwiii

Uku n'kuzungulira kwa mawu: maiki yamva sipika, yatumiza ku sipika, sipika yakweza, maiki yamvanso. Nyumba zathu zimathandizira. Makoma a pulasitala, pansi pa simenti, denga la malata lopanda siling'i, zonsezi zimabweza mawu m'malo mowameza. Woimba aime kumbuyo kwa masipika kapena pambali, masipika ayang'ane kumene kuli omvera, ndipo maiki isaloze kumene kukuchokera mawu ngakhale pamene mukupatsirana. Pakamwa pakhale pafupi, zala ziwiri zokha kuchokera pa mutu wa maiki, kuti musafunikire kukweza voliyumu kwambiri. Ndipo achimwene amene mumakumbatira mutu wonse wa maiki ndi dzanja pofuna kuoneka ngati oimba a pa TV, dziwani kuti dzanjalo limatseka timipata ta kumbuyo timene timathandiza maiki kukana mawu ochokera m'mbali. Mukatero imamva mbali zonse, n'kulira. Gwirani pa thupi.

Sipika ikapitiriza kulira, tsitsani echo ndi treble musanatsitse voliyumu yonse. Onaninso kuti kamaiki ka m'kati mwa laputopu n'kozimitsa, chifukwa nthawi zina wolirayo ndi kameneko osati imene muli nayo m'manja. Makatani olemera, mkeka pansi, ngakhale matiresi oimika kukhoma loyang'anizana ndi sipika zimasintha chipinda kwambiri.

Kung'ung'udza kwa magetsi

Phokoso lapansipansi losasintha lija, la huuu, ndi la magetsi. Magetsi a kuno ndi a 230 volts ndipo amasinthasintha maulendo 50 pa sekondi. Chimene mukumvacho ndi 50 yemweyo atalowerera m'mawaya a mawu. Kuyesa kwake n'kwa sekondi imodzi: zulani tchaja ya laputopu. Phokoso likatha, mwampeza. Matchaja osakhala enieni, amene timagula yathu ikapsa, ndiwo amachita zimenezi kwambiri. Pojambula, tchajani kaye n'kujambula pa batire. Poimba nthawi yaitali, laputopu, wufa ndi mikisa zonse zilowe mu ekisitenshoni imodzi osati m'masoketi osiyana a pakhoma. Pali kachipangizo kotchedwa ground loop isolator kamene kamaikidwa pakati pa laputopu ndi ampu, nako kamathandiza. Chimene musachite n'kuthyola mwendo wachitatu wa pulagi, wautali uja. Phokoso likhoza kuthadi, koma mwendowo ndi umene umakutetezani chipangizo chikawonongeka m'kati, ndipo maiki yachitsulo imakhala pamilomo panu.

A ku Makanjira, Malindi, Namwera ndi madera ena amene mukudalira sola, phokoso lanu limakhala lokalipa, la zzzz. Mainvata otchipa satulutsa magetsi osalala, ndipo ampu imaulula. Yolembedwa pure sine wave ndiyo imakhala chete. Jenereta yaing'ono nayo imabweretsa phokoso. Ngati sipika ili ndi batire lakelake, nthawi yojambula zonse ziyende pa mabatire.

Tina tating'ono: foni ikakhala pafupi ndi waya wa maiki mumamva ti-ti-ti-ti kusanalowe kuitana, ndiye mafoni akhale patali. Waya wa maiki usapiringizane ndi wa magetsi. Komanso kuno kunyanja chinyezi ndi fumbi zimadetsa timitu ta mawaya msanga. Phokoso likamasintha pamene mukupotoza kamutu m'bowo, pukutani ndi kansalu konyowetsa ndi sipiliti musanaganize zogula waya wina.

Maiki yalowa koma sikumveka

Yang'anani kamutu ka waya, muwerenge timizere takuda. Ka mahedifoni wamba kali ndi tiwiri. Ka mahedifoni a foni, okhala ndi maiki, kali ndi titatu. Ka maiki ya karaoke n'kakakulu, ka mamilimita 6.35, ndipo kali ndi kamzere kamodzi. Malaputopu ambiri tsopano ali ndi bowo limodzi la mamilimita 3.5 loyembekezera ka timizere titatu. Mukatenga maiki ya karaoke, n'kuiveka kochepetsera, n'kuilowetsa m'bowo limeneli, laputopu imaona ngati mwalowetsa mahedifoni. Zotsatira zake maiki sigwira ndipo nyimbo nayo imasowa. Pamafunika kawaya kogawa pawiri, kobiriwira ka mahedifoni ndi kapinki ka maiki, kapena ka USB kooneka ngati fulashi kokhala ndi mabowo awiri omwewo.

Ngakhale mutatero, maiki ya karaoke imatulutsa mphamvu yochepa, ndipo laputopu siikweza bwino. Mumathamangira pa Microphone Boost, kuika +30 dB, mawu n'kubwera pamodzi ndi phokoso la shhh. Musapitirire +10 kapena +20, ndipo ngati sizikukwana ndiye kuti pakufunika mikisa ija. Maiki zooneka za ku situdiyo, monga BM-800 imene yafala, ndi mtundu wina. Zimafuna magetsi, ndipo pa timagetsi tochepa ta bowo la laputopu zimagwira mofooka. Pa 48V ya mikisa kapena interface zimadzuka. Koma musazisirire chifukwa cha maonekedwe. Zimamva chilichonse: tambala wa aneba, njinga yamoto pamsewu, mwera ukamawomba malata mu Juni ndi Julayi, fani ya m'chipinda. Poimba ndi masipika pabalaza, maiki yamba ya m'manja ndiyo yoyenera.

Ngati mawaya ali bwino koma pulogalamu sikuona kanthu, lowani Settings, Privacy, Microphone, pa Windows 11 ndi Privacy & security, n'kuona ngati mapulogalamu aloledwa kugwiritsa ntchito maiki.

Pojambula

Kuimba kosangalala ndi kujambula ndi ntchito ziwiri, ndipo kuziphatikiza ndi kumene kumabala mafayilo amene munthu amachita nawo manyazi. Mukajambula masipika akulira, maiki imatola biti kachiwiri, yochedwa ndi yodzaza chipinda, ndipo simungailekanitsenso ndi mawu anu. Valani mahedifoni a waya, masipika azime. Mu Audacity, yomwe ndi yaulere, lowetsani biti pa mzere wake, kenako dinani Shift ndi R kuti mawu apite pa mzere watsopano. Chololeza kumva mizere ina pojambula chikhale chotsegula, m'ma Audacity akale chimalembedwa Overdub. Chodzimvera wekha kudzera m'pulogalamu, chimene akale amati Software Playthrough, chikhale chozimitsa, popeza ndi kuchedwa komwe kuja. Ngati mulibe mikisa yodzimvera, ingosunthani hedifoni imodzi khutu limodzi likhale poyera. Oimba ambiri amatero.

Mukamvetsera n'kupeza kuti mawu ali m'mbuyo mwa biti, funso ndi limodzi: kodi mpatawo ndi wofanana kuyambira poyamba mpaka pomaliza, kapena ukukula? Ngati ndi wofanana, n'zosavuta. Gwirani mzere wa mawu n'kuukokera kumanzere mpaka ugwirizane. Kuti musamachite zimenezi tsiku lililonse, Audacity ili ndi malo olembedwa Latency compensation, amene amabwera ali pa -130. Nambalayi ndi yongoyerekeza, si ya makina anu. Pangani tikitiki pa Generate, Rhythm Track, gunditsani hedifoni pa maiki, jambulani, kulitsani chithunzi, muone kuti tikitiki wojambulidwa watsalira ndi mamilisekondi angati, n'kuwawonjezera pa 130 ija, kachizindikiro ka - kakhalebe kutsogolo. Mukasintha maiki kapena bokosi la USB muyezenso.

Ngati mpata ukukula, poyamba zili bwino koma pofika vesi lachitatu mwasiyana, ndiye kuti zipangizo sizikuyendera liwiro limodzi. Mu mmsys.cpl muja, pa Advanced, maiki ikhoza kukhala pa 44100 pamene sipika ili pa 48000. Ikani zonse pa nambala imodzi, ndi pulojekiti ya Audacity yomwe. Kusiyana kumeneku kukafika poipa nyimbo imasintha ndi kiyi yomwe, pafupifupi semitoni imodzi ndi theka, ndipo woimba amanamiziridwa kuti wasemphana ndi zoimbira. Maiki ya USB ndi mahedifoni a pa bowo la laputopu nazo zimatha kusiyana pang'onopang'ono pa nyimbo yaitali, chifukwa chilichonse chili ndi wotchi yake. Kulowa ndi kutuluka zikadutsa pa chipangizo chimodzi vutoli silikhalapo.

Amene mukujambula kuchokera pa mikisa, samalani ndi chinthu chimodzi. Biti ikuchoka mu laputopu kupita mu mikisa, ndipo mikisa ikubweza zonse ku laputopu. Ngati chodzimvera chili chotsegula, zimazungulira mpaka kulira. Chizimitseni.

Pali dandaulo linanso: ukangoyamba kuimba biti imatsika yokha, kapena ukakoka mawu nthawi yaitali amaduka pakati. Windows imakhala ikuganiza kuti mukuimba foni. Pa Communications, mu mmsys.cpl momwemo, imabwera itaikidwa kuti itsitse mawu ena ndi 80 peresenti. Sankhani Do nothing. Kenako pa Properties ya maiki zimitsani zonse za Enhancements, makamaka noise suppression ndi echo cancellation. Zimenezi anapangira kuyankhula. Zikamva mawu okokedwa osasintha zimawayesa phokoso la fani n'kuwadula. A nyimbo zauzimu, amene mumakonda kukoka mawu kumapeto, ndinu amene zimakulangani kwambiri.

Za voliyumu, yesani pamalo pamene nyimbo imakwera kwambiri osati poyambira. Muyeso wa mawu mu Audacity uzisewera pakati pa -12 ndi -6 dB. Ukagunda 0 n'kufiira, mawu ang'ambika, ndipo palibe pulogalamu imene ingawasokenso bwinobwino. Ochepa amakwezeka pambuyo pake.

Kuthetheka ndi kudukaduka kumene kumayamba patapita mphindi makumi awiri kapena atatu nthawi zambiri n'kutentha. Mu Okutobala ndi Novembala kuno masana ena kumapitirira madigiri 35, ndipo laputopu ikatentha imadzichepetsa liwiro yokha kuti isapse. Isakhale pa matiresi kapena pa sofa. Iikeni pa tebulo, kumbuyo kwake mukweze ndi kabuku kuti mpweya uzidutsa pansi, ndipo kamodzi pa chaka wina aitsegule achotse fumbi pa fani. Tsekani Chrome ndi matabu ake onse. Battery saver nayo imafooketsa makina, izimitseni pojambula. Mabiti akhale ali kale m'kompyuta, chifukwa netiweki ya madzulo siidziwa kuti muli pakati pa kolasi, ndipo mukalumikiza hotspot ya foni ikani Metered connection kuti Windows Update isadye bandulo ndi mphamvu ya makina nthawi imodzi.

Dinani Ctrl ndi S mukangomaliza kujambula kulikonse, makamaka pa kompyuta ya pa desiki imene imafa limodzi ndi magetsi. Kuyambira Audacity 3, ya 2021, pulojekiti yonse imakhala fayilo imodzi ya aup3. Isungeni m'kompyuta osati pa fulashi, chifukwa mafulashi ambiri ndi a FAT32 ndipo Audacity imawakana. Fayiloyi siilira pa foni, muyenera kuchita Export. WAV imadya pafupifupi 10 MB pa mphindi, MP3 ya 128 kbps pafupifupi 1 MB, ndiye sungani WAV kunyumba, MP3 mutumizire abale a ku Johannesburg. Pa WhatsApp itumizeni ngati Document. Kuiliza pa sipika n'kuijambulanso ndi voice note n'kutaya ntchito yonse.

Izi n'za pabalaza. Mukazitengera ku bala kapena ku loji ku Cape Maclear kapena Monkey Bay, komwe anthu akulipira, nyimbo za eni zili ndi malamulo ake, ndipo bungwe loona zimenezi ndi COSOMA. Kunyumbako, nthawi ya swala kapena pamudzi pakagwa maliro, mahedifoni alipo.

Nanga ngati zonsezi mwachita koma sizikutheka? Sinthani chinthu chimodzi pa nthawi, osati zitatu. Tengani waya wa AUX womwewo ndi sipika yomweyo, mulumikize ku foni. Zikalira bwino, vuto lili pa laputopu. Zikapitiriza kuvuta, ndi waya kapena sipika. Maiki muiyese pa sipika ya mnzanu. Bowo la laputopu likakhala kuti lamasuka, lija mumachita kugwirira waya ndi chala kuti mbali zonse zimveke, musalole munthu kutsegula makina n'kumawotcherera. Ka USB ka mabowo awiri kaja kamalowa m'malo mwake. Mukakalowetsa, bwererani mu mmsys.cpl mukasankhe ngati Default pa Playback ndi pa Recording pomwe, kenako mutseke Audacity n'kuitsegulanso kuti ikaone.